Kaphunziridwe ka Mfundo za Fizikisi, Maakaunti ndi Bayoloje: Yambani ndi Kulekanitsa Mawu

Wophunzira wa ku sekondale amene akukonzekera mayeso a MSCE, kapena amene wangoyamba maphunziro a zowerengera ndalama ku koleji, amakumana ndi vuto limene silitchulidwa kawirikawiri m'kalasi. Phunziro amalimva m'Chingerezi, koma akafika kunyumba n'kuyamba kulisinkhasinkha, amalisinkhasinkha m'Chichewa, ndipo Chichewa cha tsiku ndi tsiku chimasunga m'nkhokwe imodzi zinthu zimene sayansi imazisunga m'nkhokwe zosiyana. Liwu lakuti mphamvu timalitchula ponena za force, za energy, ndiponso za power. Liwu lakuti kulemera limaimira mass ndi weight yomwe. Kupuma ndi kukoka mpweya m'mapapo, koma mphunzitsi wa bayoloje akamamasulira respiration amagwiritsanso ntchito liwu lomweli. Mayi wa pa okala akanena kuti "ndalama zanga", angatanthauze mpamba, phindu, zimene wagulitsa lero, kapena zimene zili m'kabati pa nthawiyo. Izi sizikutanthauza kuti chilankhulo chathu n'choperewera, pakuti Chingerezi cha mumsewu nachonso chimasakaniza mawu omwewa. Kungoti amene akufuna kumvetsa maphunzirowa ayenera kuyamba ndi kulekanitsa zimene pakamwa pake pamaphatikiza.

Pezani kope limodzi limene simudzalembamo manotsi a m'kalasi, ndipo mfundo iliyonse muipatse tsamba lake. Pamwamba lembani dzina la mfundoyo monga limalembedwera pa mayeso, m'munsi mwake mufotokoze tanthauzo lake m'Chichewa ngati mukuuza mng'ono wanu wa Sitandade 8, kenako mulembe muyeso wake ngati ili nawo, chitsanzo chimodzi cha manambala chimene mwapeka nokha, ndipo pomaliza mutchule malo amene mfundoyo imalekera kugwira ntchito. Gawo lomalizali ambiri amalidumpha, chonsecho ndi limene limasiyanitsa munthu amene waloweza ndi amene wamva, chifukwa woloweza amagwiritsa ntchito lamulo paliponse pamene waona mawu ofanana, pomwe womva amadziwa malire ake.

Mu fizikisi, muyeso ndiwo umaweruza

Mukasokonezeka ndi mawu, funsani kuti chinthucho chimayezedwa ndi chiyani. Tengani thumba la chimanga la makilogalamu 50. Nambala imeneyi ndi mass, ndiko kuchuluka kwa chimanga chimene chili m'thumbamo, ndipo siisintha kulikonse kumene mungapite nalo. Weight ndi kukoka kumene dziko likulikokera pansi thumbalo, ndipo poti kumeneku ndi force, kumayezedwa mu newton. Potenga g, ndiko kukoka kwa dziko pa kilogalamu iliyonse, ngati 10 N/kg, monga amachitira m'mafunso ambiri a ku sekondale, ngakhale kuti nambala yoyandikira kwambiri ndi 9.8, thumbalo likukokedwa ndi 500 N. Litapita ku mwezi, kumene kukoka kwake kuli pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 6 a kuno, likanakhalabe la makilogalamu 50, ufa wake ukanatuluka wochuluka chimodzimodzi, koma weight yake ikanatsikira pa 80 N kapena kupitirira pang'ono.

Thumba lomweli likuthandizani kulekanitsa mitundu itatu ya mphamvu. Mnyamata waganyu akalinyamula kuchoka pansi n'kuliika pa lole yotalika mamita 1.5, wagwiritsa ntchito force ya 500 N, ndipo ntchito imene wagwira ndi 500 kuchulukitsa ndi 1.5, zomwe zikupereka 750 J. Ma joule amenewa ndi energy imene yachoka m'thupi mwake n'kusungidwa m'thumba lomwe tsopano lili pamwamba. Ngati wachita izi m'masekondi 3, power yake, ndiko kufulumira kwa kagwiridwe ka ntchitoyo, ndi 750 kugawa ndi 3, yomwe ndi ma watt 250 (250 W). Mnzake amene wanyamula thumba lofanana m'masekondi 5 wagwira ntchito yofanana ndendende, koma power yake ndi 150 W yokha. Pamsika anthu anganene kuti woyambayo ndiye wamphamvu, ndipo sanalakwe, koma pa mayeso muyenera kunena kuti ndi mphamvu iti mwa zitatuzi imene yasiyana, ndipo yankho lake ndi yachitatu yokha.

Zikatere, malamulo amene Isaac Newton anasindikiza mu 1687 sakhalanso mizere yongoloweza. Lachiwiri limati force yotsala zonse zikachotserana ndi yofanana ndi mass kuchulukitsa ndi acceleration, ndiko kusintha kwa liwiro pa sekondi iliyonse. Wilibala yodzaza mchenga ya makilogalamu 60 ikatsala ndi 30 N yoikankhira kutsogolo, liwiro lake liziwonjezeka ndi mamita 0.5 pa sekondi m'sekondi iliyonse. Mawu akuti "yotsala" musawaiwale, chifukwa pamenepa ndi pamene pamagwera ambiri. Maso amatiuza kuti chinthu chimayenda pokhapokha chikukankhidwa, popeza wilibala imaima mukaisiya, koma chimene chaiimitsa ndi friction, kukhulana kwa tayala ndi nthaka komanso kwa zitsulo zake. Lamulo loyamba limanena kuti chinthu choyenda chimapitirira kuyenda molunjika pa liwiro lomwelo mpaka china chitachisokoneza, ndipo aliyense amene anagundapo chipumi pa mpando wa kutsogolo dalaivala wa minibasi ataponda mabuleki mwadzidzidzi analiona lamuloli ndi thupi lake: minibasi inaima, iye anapitirira.

Musanagwire kalikuleta, muziyamba mwalosera yankho. Thanki ya madzi ikakhala pa nsanja ya mamita 5 pamwamba pa mpopi, pulesha ya madzi pa mpopipo ndi density, ndiyo mass ya madzi okwana kiyubiki mita imodzi, kuchulukitsa ndi g kuchulukitsa ndi kutalika, kutanthauza 1,000 × 10 × 5, zomwe ndi 50,000 Pa. Tsopano dzifunseni kuti, mutachotsa thankiyo n'kuikapo ina yaikulu kawiri m'mimba mwake koma madzi akulekeza pa msinkhu womwewo, pulesha ikwera kapena ayi? Ambiri amayankha kuti ikwera chifukwa madzi achuluka. Yang'anani fomula ija ndipo muona kuti mulibe kukula kwa thanki, muli kutalika kokha, ndiye chifukwa chake omanga amakweza nsanja m'malo mokulitsa thanki akafuna kuti madzi azituluka mwamphamvu. Kulosera molakwa kotere kumaphunzitsa kuposa mafunso khumi amene mwakhoza, malinga mulembe m'kope lija chimene chinakunamizani.

Magetsi amavuta chifukwa saoneka, choncho yambirani pa zinthu zimene zili m'nyumba. Magetsi a ESCOM amafika m'nyumba pa 230 V. Ketulo yolembedwa kuti 2,300 W imakoka current, ndiko kuchuluka kwa magetsi oyenda mu waya, ya 2,300 kugawa ndi 230, yomwe ndi ma ampere 10 (10 A), ndipo mwa lamulo limene Georg Ohm anafalitsa mu 1827, resistance yake, ndiko kukaniza kwake magetsi kudutsa, ndi 230 kugawa ndi 10, yomwe ndi ma ohm 23. Apa mwaona kale chifukwa chake pulagi ya ketulo imakhala ndi fyuzi ya 13 A osati ya 3 A, komanso chifukwa chake kulumikiza ketulo, ayironi ndi hotipuleti pa waya umodzi wowonjezera kumatenthetsa wayayo. Ketuloyo ikayaka ola lathunthu imadya 2.3 kWh, ndipo kWh ndiyo yuniti imene mumagula, kutanthauza kuti mayunitsi ndi energy, si power. Energy imeneyo inayambira ku Nkula, ku Tedzani kapena ku Kapichira pa mtsinje wa Shire, kumene madzi ogwa kuchokera pamwamba amazunguza makina, ndipo pa sitepe iliyonse imangosintha maonekedwe, siilengedwa ndipo siitayika. Pa mzere wa malire m'kope lanu mulembe kuti lamulo la Ohm limagwira ntchito pamene kutentha kwa waya sikukusintha. Babu yachikale ya kawaya m'kati simalitsatira, chifukwa kawayako kakamatentha resistance yake imakwera.

Maakaunti ndi malamulo amene amawatsogolera

Njira yolemba chochitika chilichonse kawiri inafotokozedwa m'buku losindikizidwa ku Venice mu 1494 ndi Luca Pacioli, amene sanaiyambitse yekha koma analemba zimene amalonda a ku Italy ankachita kale. Maziko ake ndi chiganizo chimodzi: chilichonse chimene bizinesi ili nacho chinachokera kwina, kaya kwa mwini wake kapena kwa amene anaikongoza. Pa mayeso chiganizochi chimalembedwa kuti assets ndi zofanana ndi liabilities kuphatikiza capital. Musayambe kuloweza mbali ya debit ndi ya credit musanathe kuyendetsa chiganizochi pa bizinesi yaing'ono kuyambira poyamba mpaka pomaliza.

Tiyerekeze kuti mayi wina watsegula okala ndi mpamba wa K500,000, ndipo wakongola K200,000 ku banki m'khonde. Bizinesiyo ili ndi K700,000, ngongole yake ndi K200,000, mpamba ndi K500,000, ndipo mbali ziwirizi zikufanana. Akapikula katundu wa K400,000 ndi ndalama zapamanja, m'kabati mwatsala K300,000 ndipo pa alumali pali katundu wa K400,000. Chuma cha bizinesi sichinachepe, changosintha nkhope. Kenako wagulitsa pa ngongole katundu amene anamugula K100,000, pa mtengo wa K130,000. Katundu watsala wa K300,000, m'kabati mukadali K300,000, wogula uja ali ndi ngongole ya K130,000 imene ndi chuma cha bizinesi, ndipo zonse pamodzi ndi K730,000. Ngongole ya ku banki m'khonde sinasinthe, ndiye kuti mpamba wakwera kufika pa K530,000. Imani pamenepa ndipo muone bwino zimene zachitika: bizinesi yapindula K30,000 koma m'kabati simunalowe ngakhale tambala imodzi. Phindu ndi ndalama zapamanja ndi zinthu ziwiri, ndipo shopu imatha kugwa ikupindula ngati ogula pa ngongole sakubweza pamene woipikulitsa akufuna zake.

Madzulo mayiyo watapa K20,000 m'kabati kuti agulire ndiwo za kunyumba. Iye aona kuti watenga zake, koma mabuku amaona bizinesi ngati munthu wina wosiyana ndi mwini wake, choncho ndalamazo zimalembedwa ngati drawings, zimene zimachepetsa mpamba, osati ngati ndalama zoyendetsera bizinesi. M'kabati mwatsala K280,000, chuma chonse ndi K710,000, ndipo mbali inayo ndi K200,000 kuphatikiza K510,000. Chitani zochitika zotere makumi awiri, mukuonetsetsa kuti mbali ziwiri zikufanana pa sitepe iliyonse, ndipo mukadzabwerera ku debit ndi credit mudzapeza kuti ndi mayina chabe a kumanzere ndi kumanja kwa akaunti. Chuma cha bizinesi komanso ndalama zimene yawononga zimakwerera kumanzere. Ngongole zake, mpamba ndi zimene yapeza pogulitsa zimakwerera kumanja.

Pali chinthu chimodzi chimene chimasokoneza pafupifupi aliyense woyamba kumene. Uthenga wa ku banki umati akaunti yanu yalandira credit pamene ndalama zalowa, ndiye wophunzira amaganiza kuti credit ndi kulowa kwa ndalama, kenako amadabwa mphunzitsi akanena kuti ndalama zikalowa m'bizinesi timalemba debit pa akaunti ya banki. Onse awiri akunena zoona, kungoti uthengawo ukuchokera m'mabuku a banki, osati anu. Kwa banki, ndalama zimene mwasungitsa ndi ngongole imene iyenera kukubwezerani, choncho ikakula imalembedwa kumanja. Musanalembe chochitika chilichonse, muzifunsa kuti mabuku amenewa ndi a yani.

Mfundo ya accruals imati ndalama zolowa ndi zotuluka zimalembedwa m'nyengo imene zikukhudza, osati tsiku limene zasinthana manja. Mukalipira lendi ya miyezi 12 yokwana K360,000 pa 1 October, pomwe chaka cha mabuku chimatha pa 31 December, lendi ya chaka chimenecho ndi ya miyezi itatu yokha, K90,000, ndipo K270,000 yotsalayo ndi chuma cha bizinesi chifukwa mwini nyumba akadali ndi miyezi 9 yoti akusungeni. Depreciation imachokera pa maganizo omwewa. Firiji ya K600,000 imene mukuyembekeza kuigwiritsa ntchito zaka 5 n'kudzaigulitsa K100,000 imadya K100,000 chaka chilichonse m'mabuku, ngakhale kuti palibe amene mukumupatsa ndalamazo. Ndipo pa tsamba la trial balance, ndiwo mndandanda wofananiza ma debit onse ndi ma credit onse, mzere wa malire ndi wofunika kwambiri: mbali ziwiri zikafanana sizitanthauza kuti mabuku ali bwino. Mukaiwaliratu kulemba chochitika, mukalemba nambala yolakwa mbali zonse ziwiri, mukaika ngongole ya munthu wina pa dzina la mnzake, kapena mukalemba firiji ngati katundu wogulitsa, trial balance idzafananabe.

Tikafika pa malamulo, pali msampha umene umachokera pa mfundo ija yakuti bizinesi ndi yosiyana ndi mwini wake. M'mabuku izi ndi zoona pa bizinesi iliyonse, koma pamaso pa khoti sizili choncho. Mayi wa okala uja akalephera kubweza ngongole ya bizinesi, omukongoza angathe kulondola ngakhale katundu wa kunyumba kwake, chifukwa mwa lamulo iye ndi okalayo ndi munthu mmodzi. Kampani yolembetsedwa ndiyo imene lamulo limaiona ngati munthu payokha. Mfundoyi inakhazikika pa mlandu wa ku England wa Salomon v Salomon, umene umatchulidwa ndi chaka cha 1897. Aron Salomon ankapanga nsapato zachikopa ku London, ndipo anasandutsa bizinesi yake kukhala kampani, mkazi wake ndi ana ake asanu atatenga sheya imodzi imodzi pomwe iye anatenga pafupifupi onse otsala. Kampaniyo itagwa, amene inali nawo ngongole ananena kuti kampaniyo inali Salomon yemweyo atangosintha chovala, koma House of Lords, khoti lalikulu koposa la ku England pa nthawiyo, inagamula kuti popeza inalembetsedwa motsatira lamulo, inali munthu wina, ndipo ngongole zake sizinali za Salomon. Malawi anatengera zambiri pa malamulo a ku England, ndipo makampani kuno amayendetsedwa ndi Companies Act ya 2013, imenenso imawalamula kusunga mabuku a zachuma.

Funso la zamalamulo muziliyankha mwa dongosolo limodzi nthawi zonse. Tchulani kaye nkhani imene anthuwo akulimbirana, kenako lamulo limene likuikhudza, kenako muonetse mmene lamulolo likugwera pa zimene zachitika m'funsomo, n'kumaliza ndi chigamulo chanu. Sitepe yachitatu ndiyo imene ili ndi malikisi ambiri, koma ophunzira amathera nthawi pa yachiwiri, kulemba zonse zimene akudziwa za lamulolo osakhudza anthu amene atchulidwa m'funso. Pamene mungathe, werengani ndime yeniyeni ya lamulo m'malo mongodalira manotsi, ndipo muzichenjera ndi mawu awiri aang'ono, "shall" amene amalamula ndi "may" amene amangopereka chilolezo. Za misonkho, phunzirani kawerengedwe kake m'buku, koma maperesenti ake muziwatenga ku MRA, chifukwa amasintha Nyumba ya Malamulo ikavomereza bajeti yatsopano ndipo buku limene muli nalo likhoza kukhala lotsalira.

Bayoloje: chikulowa n'chiyani, chikutuluka n'chiyani, ndipo chifukwa chiyani

Ambiri amaiona bayoloje ngati phunziro loloweza mayina a ziwalo, ndipo mayinawo alipodi ambiri, koma mafunso olemera amafuna kuti mulondole chinthu kuchokera pamene chalowa mpaka pamene chatulukira. Yambani ndi liwu lija lakuti kupuma. Kukoka ndi kutulutsa mpweya ndi ntchito ya mapapo, nthiti ndi diaphragm, mnofu wa pansi pa mapapo. Respiration imachitika m'kati mwa selo iliyonse yamoyo, pamene shuga wa glucose amaphwanyidwa, kawirikawiri mothandizidwa ndi okosijeni, n'kutulutsa energy, madzi ndi kaboni dayokisaidi. Chimanga chilibe mapapo koma chimachita respiration usana ndi usiku, ndipo ngakhale njere zouma m'nkhokwe zimaichita pang'onopang'ono. Chiganizo chakuti zomera zimachita photosynthesis, ndiko kupanga chakudya ndi kuwala kwa dzuwa, masana ndi respiration usiku n'cholakwa. Masana zimachita zonse ziwiri, kungoti photosynthesis imaposa.

Liwu lina loyenera kulilekanitsa ndi lakuti chakudya. Mlimi amati feteleza ndi chakudya cha mbewu, koma mu bayoloje chakudya cha chomera ndi shuga amene chimapanga chokha m'masamba pogwiritsa ntchito kuwala kwa dzuwa, madzi ndi kaboni dayokisaidi wa mumlengalenga. Feteleza amangopereka michere. Wa urea, mwachitsanzo, ali ndi nayitirojeni wokwana 46 peresenti, amene chomera chimamufuna popanga mapuloteni ndi chlorophyll, utoto wobiriwira wa masamba, ndiye chifukwa chake chimanga chosowa nayitirojeni chimachita chikasu kuyambira masamba a m'munsi. Jan Baptist van Helmont, m'zaka za m'ma 1600, anadzala kamtengo mumphika wa dothi limene analiyeza kulemera kwake, n'kumangokathirira madzi kwa zaka 5. Mtengowo unawonjezera makilogalamu oposa 70 pomwe dothi linachepa ndi magalamu osakwana 100. Iye anaganiza kuti zonsezo zinachokera ku madzi, ndipo anaphonya gawo lalikulu, chifukwa kaboni amene amapanga thunthu la mtengo amachokera mumpweya. Mukaotcha makala, mukubwezera mumlengalenga zimene mtengowo unatenga kumeneko. Kuti muone nokha, ikani chomera cha mumphika mumdima kwa masiku awiri kuti sitachi wa m'masamba athe, phimbani gawo la tsamba limodzi ndi pepala lakuda, chiikeni padzuwa kwa maola angapo, ndipo mukaliwiritsa tsambalo, kulichotsa utoto ndi sipiliti n'kulidontheza ayodini, gawo lokhalo limene linaona dzuwa ndilo lide.

Osmosis ndi mfundo imene mungaiyese kukhitchini madzulo ano. Dulani timizere tiwiri tofanana ta mbatata ya kachewere, tiyezeni ndi lula, kena mukaike m'madzi wamba ndipo kena m'madzi a mchere wambiri. Lembani kaye zimene mukuganiza kuti zichitika. Pakatha ola limodzi kapena awiri, ka m'madzi wamba kakhala kolimba ndi kotalikirapo, pomwe ka mumchere kafota n'kufupika, chifukwa madzi amadutsa pa kachikopa kopyapyala ka selo kuchoka kumene mchere kapena shuga ndi wochepa kupita kumene mchere kapena shuga wachuluka. Chimene chayenda ndi madzi, si mchere, ndipo apa ndi pamene osmosis imasiyana ndi diffusion wamba, monga fungo la usipa wokazinga likamafalikira m'nyumba yonse. Mukamva izi, mwamvanso chifukwa chake feteleza wothiridwa mogundana ndi phesi nthaka ili youma amaotcha chimanga, chifukwa chake tomato wothiridwa mchere amatuluka madzi, ndiponso chifukwa chake nsomba yothiridwa mchere simaola msanga, popeza tizilombo toolesa timataya madzi awo.

Pa za kutengera kwa makolo, liwu lakuti gene, kanthu ka m'selo kamene kamanyamula khalidwe kuchoka kwa kholo kupita kwa mwana, ena amalitembenuza kuti majini, ndipo kalasi imatha kuseka poganiza za majini ena aja, choncho ndi bwino kulisiya mmene lilili. Gregor Mendel anafalitsa zotsatira za kafukufuku wake wa nsawawa ku Brno mu 1866. Atakwatitsa mbewu zazitali zenizeni ndi zazifupi zenizeni, ana onse anatuluka aatali, koma anawo atakwatitsidwa okhaokha, ufupi unabwereranso mwa mbewu imodzi pa zinayi zilizonse. Jambulani bokosi la zipinda zinayi la Tt ndi Tt, T akuimira gene ya utali ndipo t ya ufupi, kufikira mutatha kulifotokoza osayang'ana m'buku, kenako muligwiritse ntchito pa zinthu za kwanu. Mbewu ya chimanga cha haibulidi ndi m'badwo woyamba uja, wofanana msinkhu ndi kabereke. Mukaibwereza chaka chachiwiri, makhalidwe amene anabisika amayamba kuonekera, munda umakhala wa misinkhu yosiyanasiyana ndipo zokolola zimatsika. Bokosi lomweli limafotokoza matenda a sickle cell. Bambo ndi mayi amene onse ali AS, ndiko kuti ali ndi gene imodzi yabwino (A) ndi imodzi ya matendawa (S), sadwala, koma pa mimba iliyonse pali mwayi umodzi pa inayi woti mwana abadwe SS. Malire a mfundoyi ndi akuti nambalayi ndi mwayi chabe, si mzere wa kachitidwe: mwana woyamba akabadwa ndi matendawa sizitanthauza kuti atatu otsatira apulumuka, chifukwa mimba iliyonse imayambira pa mwayi womwewo.

Mizere yoyenda mozungulira, monga moyo wa tizilombo ta malungo, muziijambula m'malo moiwerenga. Yambani pamene udzudzu waukazi wa Anopheles waluma munthu, londolani Plasmodium kupita kuchiwindi kumene amakaswana munthu asanamve kanthu, kenako m'maselo ofiira a magazi amene akamaphulika thupi limatentha ndi kunjenjemera, n'kubwereranso mu udzudzu wina, monga Ronald Ross anaonera mu 1897. Pa muvi uliwonse funsani kuti tingaudule bwanji, ndipo mupeza kuti masikito, kukwirira zithaphwi ndi mankhwala chilichonse chili ndi malo ake pa chithunzicho.

Kusunga zimene mwamva

Hermann Ebbinghaus anasonyeza mu 1885 kuti munthu amaiwala mofulumira kwambiri m'maola ndi masiku oyambirira atangophunzira chinthu, kenako kuiwalako kumachepa. Choncho tsamba lililonse la m'kope lanu mulibwerere mawa lake, kenako patatha masiku atatu, kenako patatha sabata, ndipo pobwererapo musaliwerenge: tsekani kopelo, tengani pepala lopanda kanthu, lembani zonse zimene mukukumbukira, kenako mufananize. Kuwerenga manotsi mobwerezabwereza kumanyenga, chifukwa maso akazolowera tsamba munthu amaona ngati akulidziwa. Ngati muli ndi gulu lowerengera limodzi, aliyense azibwera ndi mfundo imodzi yoti aphunzitse anzake ataimirira, opanda buku m'manja, ndipo omverawo azimufunsa za malire ake.

Mapepala a mayeso akale a MANEB muziwayamba mutamaliza mutu uliwonse, osadikira teremu yomaliza ya Fomu 4, ndipo muziyang'anitsitsa liwu loyamba la funso. "State" ikufuna yankho lalifupi lopanda chifukwa, "describe" ikufuna zimene zikuchitika mwa ndondomeko yake, "explain" ikufuna chifukwa chake, ndipo "calculate" ikufuna fomula, manambala olowetsedwa, yankho ndi muyeso wake, popeza sitepe iliyonse imakhala ndi malikisi ake ngakhale yankho lomaliza litalakwika. Mukadzichonga, funso lililonse limene mwalakwa mulilembe kumapeto kwa kope lija pamodzi ndi mtundu wa kulakwako, kaya simunamve mfundo, munasakaniza mawu awiri, munaiwala kusintha magalamu kukhala makilogalamu kapena maminitsi kukhala masekondi, kapena simunawerenge funso mpaka kumapeto. Pakatha mwezi muwerenge kuti mtundu uti wachuluka, ndipo sabata yotsatira muyambire pa masamba a mfundo zimene zaubweretsa.